Ameni wa Kuseri kwa Zenera

Lolemba, 4 Meyi 1981

Ahedi andibweretsera kope ili ndi bolopeni, ati ndizilembamo mapulani a maphunziro kuti ndisaiwale ntchito. Mapulani a chiyani munthu atamangidwa ngati mbuzi? Ndizilembamo zanga. Wolitola adziwe kuti ndi la Wallace Chimphamba, mphunzitsi wa Sitandade 6 pa sukulu ina kufupi ndi Wovwe, kwathu ku Dedza.

Lachinayi lapitali ndinakwera padenga la kalasi kukakhoma lata limene mphepo inakanganula. Phaso linathyoka, ndipo ndinatsika msanga kuposa mmene ndinakwerera. Fupa la ntchafu ya kumanja linaduka pakati. Anandinyamula pa lole ya mpunga mpaka kuchipatala kuno.

Andiboola chitsulo pansi pa bondo, amangapo chingwe, chingwecho chadutsa pa kagudumu kumiyendo kwa bedi, ndipo kumapeto kwake kukulendewera thumba la mchenga. Adokotala ati ndigona chagada chonchi mpaka fupa ligwirane, mwina miyezi iwiri. Mankhwala: asipirini katatu pa tsiku, jakisoni wa penisilini m'mawa.

Mkazi wanga Loveness ali ku Dedza kwa amayi ake, akudikira mwana wathu woyamba. Sangabwere. Ndilibe gadiyani.

Bedi langa lili pazenera, mwayi wokhawo umene ndili nawo. Kumanzere kwanga kwagona mkulu wina wa ku Kaporo, a Yotamu Mwakalinga, wamtali moti mapazi amatuluka kunja kwa bulangete. Ali ndi kapaipi ka mkodzo, ndipo zimene zikutsikira m'botolo pansi pa bedi lawo ndi zofiira ngati madzi otsukira nyama.

Lachiwiri, 5 Meyi

Tsiku la muno limayamba ndi chidebe. A Chakufwa, bambo wokolopa ndi kutulutsa mapoto, amalowa akuimba nyimbo ya Chitumbuka, kenako Sisita Evelyn ndi thireyi ya majakisoni, kenako phala lopanda shuga. Za kudzithandiza chogona anthu akuyang'ana, sindilemba.

Masana ndikusinza, ndinamva "Odi" pansi pa zenera. Kenako kunatulukira dzanja litagwira bakuli, mwini dzanja osaoneka. Ndinadzikoka n'kusuzumira. Mayi wagwada m'tsinde mwa khoma, nsalu kumutu.

"Baba, pepani. Mupereke kwa akulu ali pafupi nanuwo."

"Khomo lili apo, mayi. Nthawi ya alendo yakwana, lowani."

"Ine sindilowa."

Ndinapereka. Munali nthochi zophika pamodzi ndi nyama, kuno amati mbalagha. A Yotamu anadyako pang'ono, n'kundikankhira zotsalazo. Kenako anati, "Aphunzitsi, mumuuze kuti ndagha, zikomo, mchere wakwana." Anayankhula mokweza moti mayiyo anadzimvera yekha, koma anakhala chete mpaka ine nditabwereza. Ndiye anayankha kuti, "Muwauze uthenga wabwera, ng'ombe yamawanga ija yabereka."

Ndinabwera kudzachiza mwendo, ndasanduka lamya.

Lachinayi, 7 Meyi

Lero ndinawafunsa. Chichewa chawo n'chakale, amachitcha Chinyanja, anachiphunzira ku usilikali.

"Ameneyo ndi mkamwana wanga, mkazi wa mwana wanga Kenan. Dzina lake Keziya. Kwathu mkamwana ndi bambo a mwamuna wake saonana nkhope, sayankhulana, ndipo dzina langa iye satchula."

Ndinati nafenso kwathu timathawana ndi apongozi, koma pakapita nthawi timapatsana kamphatso, basi n'kuyamba kucheza.

"Kwathu sizitha. Analowoledwa mbendera isanasinthe. Nkhope yake sindiidziwa."

Ndinaseka, ndimayesa akundinamiza. Iwo sanaseke.

"Nanga inu si mkulu wa mpingo? Zimenezi zalembedwa pati m'Baibulo?"

"Mulibe. Ndinafufuza. Koma mulibenso pamene akuti ndichititse manyazi mwana wa eni pamaso pa mudzi."

Dzuwa likamalowa amapemphera mokweza m'Chinkhonde. Ine ndimangotolamo "Kyala, Kyala," ndiye kuti Mulungu, ndi maina a anthu ambirimbiri. Lero ndamvamo langa. Atamaliza anakhalabe chitsinzinire, ngati akudikira kanthu. Kuseri kwa zenera kunamveka "Ameni" wapansipansi, ndipo mpamene anatsegula maso, nkhope yonse ikumwetulira. Ati kumudzi n'chimodzimodzi: iwo amapemphera pakhonde, Keziya amavomera kuseri kwa nkhokwe.

Loweruka, 9 Meyi

Thupi latentha. Pachitsulo pakutuluka mafinya. Asisita atsuka, apaka mankhwala a buluu, awonjezera jakisoni wa madzulo. Andipatsanso kolorokwini, thupi lonse likuyabwa ndipo kumsana sindifikako.

Ndikuopa kuti adula mwendowu.

Lolemba, 11 Meyi

Kutentha kwatsika. A Yotamu acheza nane m'mawa wonse, mwina pofuna kundiiwalitsa, mwina pofuna kudziiwalitsa okha. Ndilembe ndisanaiwale.

Atabwera ku nkhondo yachiwiri sanachokenso pamudzi. Mpunga kudambo, nthochi kuzungulira nyumba, ng'ombe m'khola. M'mawa uliwonse moyo wawo wonse akhala akutapa ndowe m'khola kukathira m'nthochi asanamwe ngakhale madzi. Njerwa za tchalitchi cha kwawo anaumba ndi iwo pamodzi ndi akazi awo, amene anamwalira kalekale. Lamulungu sanamangepo ng'ombe pa goli, ngakhale chaka chimene mvula inachedwa ndipo anzawo onse analima. Ndinafunsa ngati anakolola chaka chimenecho. Ati pang'ono zedi, ana anadya nthochi zokhazokha, ndipo mpaka lero sadziwa ngati anachita bwino.

Ana aakazi anakwatiwa kutali, wina ku Mbeya, wina ku Kitwe. Wamwamuna anali Kenan yekha. Anapita ndi madzi a mtsinje wa Lufilya akuolotsa ng'ombe nthawi ya dzinja, n'kusiya Keziya ndi ana anayi. Mng'ono wawo wa a Yotamu, a Zebedee, anafuna kuti mwana wawo alowe chokolo, atenge mkaziyo pamodzi ndi munda wa Kenan. A Yotamu anakana, ati mnyamatayo ali kale ndi mkazi wa ukwati woyera. Munda anausiya m'manja mwa Keziya. Kuyambira pamenepo abale awiriwa amangopatsana moni.

Ndinafunsa kuti anthu awiri angalime bwanji munda umodzi osaonana.

"Ndikamatuluka m'nyumba ndimatsokomola, iye amapatuka. Chakudya amaika pa mtondo n'kugogoda. Pomweta mpunga ine ndimayambira kum'mawa, iye kumadzulo. Tikayandikana, ine ndimakumbukira kuti ng'ombe sizinamwe madzi."

Anaseka mpaka kapaipi kanawapweteka.

"Mapazi ake m'matope ndimawadziwa. Mtolo umene wamanga Keziya ndimaudziwa, sumasuka. Koma titakumana pamsika nditha kumufunsa mtengo wa tomato."

Ine pamenepo sindinaseke. Zinandipweteka mtima, ndipo zikundikwiyitsa.

Lachinayi, 14 Meyi

Tsiku la chikondwerero. Ng'oma zikumveka kubwalo, antchito ambiri apita kumeneko. Wodi yonse yatsala ndi namwino mmodzi amene akuthamanga pakati pa kuno ndi wodi ya amayi. A Chakufwa kulibe.

A Yotamu anatsegula m'mimba m'mawa, ndipo analibe mphamvu yofikira poto. Anadziipitsira. Anagona momwemo mpaka masana, ntchentche zili ng'waa, iwo atangotembenukira kukhoma. Ine ndili pafupi chonchi, dzanja limafika pa bedi lawo, koma thumba la mchenga landigwira. Ndinaitana mpaka mawu anasasa.

Keziya anafika mochedwa, achinyamata a chipani anamuimitsa pageti kufunsa khadi. Atangoti "Odi," ndinamukalipira.

"Mayi inu, lowani! Munthu akuwola ali moyo, inu mwagwada panja ndi bakuli. Ulemu wanji umenewu?"

Ndinamva akulira chapansipansi. Patapita nthawi anadzuka, n'kukabwera ndi bambo wina, gadiyani wa wodwala wina, amene anawasintha nsalu atatseka mphuno.

Madzulo a Yotamu anati, "Aphunzitsi, musamukalipirenso. Amene mwamukalipirayo ndi amene wandisunga." Ndinapepesa, koma mumtima ndinali ndisanazizire.

Kenako anati, "Chinthu chimodzi ndimapempha Kyala, ndipo sindinauzepo munthu. Ndimuone nkhope mwana ameneyu ndisanapite. Kamodzi kokha, ndimuthokoze ndikumuyang'ana."

Lachisanu, 15 Meyi

Adokotala ayendera wodi. Kwa ine: mafinya achepa, thumba alionjezera mchenga, andijambulanso sabata ya mawa. Kwa a Yotamu anagwiragwira pamimba n'kuyankhula Chingerezi ndi asisita, poyesa kuti palibe akumva. Ndi chotupa m'chikhodzodzo, chochokera ku likodzo la zaka zambiri za m'madzi a mpunga. Chafalikira. Palibe chochita kupatula diripu ndi mankhwala opha ululu.

A Yotamu anandifunsa kuti ati chiyani. Ndinati ati mupumule. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ku usilikali Chizungu chinaliponso, aphunzitsi."

Sisita Evelyn ndi wa ku Mulanje, sazungulira poyankhula. Waima pazenera n'kuuza Keziya kuti kumsana kwa akuluwa kwayamba zilonda, akufunika wowatembenuza ndi kuwamwetsa, ndipo iye alibe manja khumi. Ngati m'banjamo muli mwamuna, abwere adzagone muno. Keziya wati atumiza uthenga kumudzi.

Lamulungu, 17 Meyi

A Zebedee abwera, atavala jekete ndi nsapato za tchalitchi. Ndi aafupi, onenepa, safanana ndi akulu awo ngakhale pang'ono. Abweretsa chambiko, mkaka wowawasa uja, m'botolo, ndipo sindinama, anawamwetsa okha ndi supuni mosamala.

Asisita atawafunsa ngati atsale, anati mpunga wacha, mbalame zikutha munda, anyamata awo onse ali kudambo. Asisita anati ndiye alowe mayi ali panjayo. Panali kukangana kwautali m'Chinkhonde. Pomaliza a Zebedee anatembenukira ku Chichewa, ndikhulupirira kuti ankafuna tonse tikhale mboni.

"Kulowa alowe, poti boma lakakamiza. Koma nkhope asaonane. Tsiku limene aonana, akuluwa n'kutisiya, mudzi wonse udziwa chimene chawapha. Ameneyo adzapita kwawo tsiku lomwelo. Ndipo ndidzakufunsani inu nomwe, akulu, chifukwa inu simunama."

Ine ndi pakamwa pangapa sindinapirire. "Chawapha n'chotupa, bambo, adokotala anena kale. Ndipo mukamuthamangitsa, atenga ana ake apite kwawo, walima mokwanira pamudzi panu."

A Zebedee anandiyang'ana ngati ndayankhula kutulo, n'kutuluka.

A Chakufwa ndi amene anandifotokozera pochotsa poto, akunditcha mphunzitsi m'Chitumbuka chawo. "Asambizgi, kuno si kwanu ku Dedza kumene ana ndi a mayi. Kuno ng'ombe za malowolo zinapita, ana ndi a kuchimuna. Akamuchotsa apita yekha ndi nsalu yake. Mwana wake woyamba Dora ndi ang'ono ake atsala kwa a Zebedee, munda nawonso."

Zaka zonse ndakhala kuno ndikuphunzitsa ana awo, chinthu chimenechi sindinachiike kumutu. Lachinayi lija ndimati mayiyu akuopa mwambo chabe. Amaopa kusiya ana.

Lachiwiri, 19 Meyi

Dzulo Keziya sanalowe. Lero m'mawa anati pazenera, "Baba, muwauze ndikubwera."

A Yotamu anati, "Aphunzitsi, ndibwerekeni thaulo lanu." Ndinawapatsa. Analiyala kumaso kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, n'kugona phee ngati maliro.

Keziya analowa atafunda nsalu mpaka kutsogolo, akungoona pansi poponda. Anayenda chogwadagwada m'mbali mwa mabedi, amuna onse a muno ali chete, ngakhale mkulu wa chifuwa wa pakona uja anaugwira mtima osatsokomola. Atafika anagwada kumapazi. Poika beseni, madzi anatayikira pansi.

Anayamba ndi mapazi. Kenako anawatembenuza, n'kutsuka zilonda za kumsana monga asisita anamuonetsera, n'kupaka mafuta. Kumene iye sangagwire anasiyira a Chakufwa. Phala anawamwetsa polowetsa supuni kunsi kwa thaulo, lina likutayikira m'khosi.

Ali pafupi chonchi, uthenga umadutsabe kwa ine. "Muwafunse ngati madzi atentha." "Mumuuze ali bwino." Poyamba ndimaziona ngati zoseketsa. Lero sindinaseke.

Lachinayi, 21 Meyi

Andijambula. Fupa layamba kugwirana koma lapitirirana pang'ono, mwendo udzakhala waufupi. Ndidzatsimphina moyo wonse. Ana a sukulu adzandipatsa dzina, ndikuwadziwa. Ku Dedza kuli zii.

A Yotamu sakudyanso, akungomwa. Diripu ili padzanja lamanzere, jakisoni wa ululu m'mawa ndi madzulo. M'botolo mukutsika magazi okhaokha.

Keziya atapita kukachapa, ndinawanong'oneza. "Bambo, chotsani thaulolo kamodzi. Muno tonse tili mbali yanu. Ine sindinena, a Chakufwa sanena, asisita sanena."

"Zebedee adzandifunsa."

"Mudzati ayi."

"Ndakalamba osanama, aphunzitsi. Ndiyambe lero ndili pakhomo?"

"Ndiye musayankhe."

"Ndikakhala chete adziwa. Tinakulira m'nyumba imodzi."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti Mulungu amene ndimamudziwa ine sangakane munthu chifukwa cha kabodza kamodzi kopulumutsa mayi wamasiye. Anati mwina ndikunena zoona, ine ndi wophunzira, koma iwo sadziwa kupemphera ndi pakamwa pamene panama m'mawa. Ndinatembenuzira nkhope kuzenera, poti ndi pokhapo pamene ndingathawire.

Loweruka, 23 Meyi

Ndilembe bwinobwino za lero.

Masana Keziya atamaliza kuwapukuta, sanadzuke. Anakhala chigwadire, kenako anati, "Baba aphunzitsi. Lachinayi lija la ng'oma ndinali ndisanachoke pazenera. Ndinamva zimene akulu amapempha kwa Kyala."

Pansi pa thaulo panalibe kugwedezeka.

"Muwauze kuti ngati akufuna, ndivula nsalu. Andisunga ngati mwana wawo wobala. Za ana anga Kyala adziwa."

Sindinabwereze. Panalibe chifukwa, ndipo sindikanatha. Ndinaona dzanja lake litagwira kale m'mphepete mwa nsalu.

Dzanja la a Yotamu linakwera pang'onopang'ono mpaka pathaulo. Ndinati basi, achotsa, ndipo ndikuvomera kuti mumtima ndinkati chotsani, chotsani. Zala zinagwira ngodya ya thaulo. Zinakhala pamenepo nthawi yaitali. Kenako anatambasula chikhatho n'kulikanikiza kumaso.

"Mumuuze ayi," anatero. "Mumuuze Dora sanakwatiwe, wamng'ono uja sanamalize sukulu. Mumuuze ndagha."

Keziya anatola beseni n'kutuluka. Atachotsa thaulo linali lonyowa.

Patapita nthawi anati, "Aphunzitsi, inu mumamuona pazenerapo. Ndiuzeni. Ali bwanji?"

Ine wophunzitsa ana kulemba chimangirizo, mawu anandithawa. Ndinati ndi woderapo, nkhope yaitali, mano akutsogolo ali ndi mpata. Pachibwano pali kachipsera. Akamamvetsera amakweza nsidze imodzi. Pamwamba pa makutu pali imvi.

"Imvi?"

"Eya, zambiri ndithu."

"Tinalowola kamtsikana, amati kamathamanga kuposa anyamata. Ndife tamukalambitsa."

Anandipempha kuti ndibwereze kuyambira poyamba, ndipo ndinabwereza, iwo atatsinzina.

Lamulungu, 24 Meyi

A Zebedee abwera ndi akulu awiri a mpingo. Anaimba nyimbo, anapemphera. Keziya anali panja. Pomaliza a Zebedee anawerama n'kufunsa, ndipo a Yotamu anayankha m'Chichewa, mawu akutuluka limodzilimodzi.

"Walowa. Wandisambitsa. Wandimwetsa. Zimene mwana wanga akanachita, wachita iye. Nkhope yake sindinaione, yanga sanaione. Kyala ndi mboni, aphunzitsi awa ndi mboni. Munda ndi wake ndi ana ake. Mwamva nonse."

Akulu a mpingo anati amva. A Zebedee anayang'ana ine. Ndinati, "Thaulo ndi langa, bambo, ndipo silinachokepo kumaso kwawo mayiyo ali muno." Anagwedeza mutu, n'kugwira dzanja la akulu awo nthawi yaitali. Potuluka ankapukuta m'maso. Ndimafuna kudana nawo kotheratu, koma zikundikanika.

Madzulo pemphero linali lalifupi, maina ochepa chabe. Anadikirabe. Ameni anabwera.

Lachiwiri, 26 Meyi

A Yotamu atisiya m'mawa uno, nthawi ya phala. Keziya anali atawagwira phazi, thaulo lili kumaso. Asisita anagwira pamkono n'kunena kuti, "Mayi, tulukani kaye." Anatuluka, ndipo analirira kuseri kwa zenera langa.

A Chakufwa anachotsa thaulo kuti awatseke maso. Anapeza ali otseka kale.

Sindinadye.

Lachinayi, 28 Meyi

Pa bedi paja agonekapo mnyamata wa ku Chilumba amene anapsa ndi mafuta a injini. Ali ndi akazi awiri omudikirira, akukangana za amene amusambitse. Dzuwa likamalowa muno mumangomveka wailesi ya asisita.

Uthenga wafika kudzera kwa ahedi: Loveness wachira, mwana wamkazi. Ndasangalala, ndalira, sindikudziwa kuti misozi yake ndi ya chiyani. Penisilini asiya. Asipirini yekha.

Lachitatu, 10 Juni

Adokotala ati chitsulo achotsa kumapeto kwa mwezi, kenako ndodo.

Masana ndinamva "Odi" pansi pa zenera. Anali Keziya, atameta mpala wa maliro, ataimirira. Aka kanali koyamba kumuona ataimirira pazenerapo. Ndi wamtali kuposa mmene ndimaganizira.

Wabweretsa thaulo langa, lochapa ndi kusita. Linapita ndi katundu wa malemu. Wabweretsanso kathumba ka mpunga watsopano wa kilombero, fungo lake linadzaza wodi yonse. Ati maliro anayenda bwino, anthu anachokera mpaka ku Mbeya. Akulu a mpingo ananena pamanda zimene anamva, ndipo a Zebedee sanatsutse. Keziya akadali pamudzi ndi ana ake. Mpunga amweta okha ndi Dora.

Ndinati zikomo, ndimayesa watha. Sanachoke. Ankapotokola ngodya ya nsalu.

"Baba aphunzitsi, poona nkhope kumaliro ine anandikhazika kuseri kwa nyumba. Inu munakhala nawo. Ndiuzeni, akulu anali bwanji?"

Ndinayesetsa. Ndinati anali ndi chipumi chachikulu, mphuno yosongoka, masaya olowa. Nsidze zoyera, zazitali. Khutu lamanzere linali long'ambika pang'ono pamwamba, ati inawagunda ng'ombe ali mnyamata. Iye ankamvetsera atakweza nsidze imodzi ija.

"Anali a nkhope yaukali? Mawu awo anali aakulu."

"Ayi. Makamaka madzulo. Akamaliza kupemphera samatsegula maso, amadikira Ameni wanu. Mukavomera ndiye amamwetulira, nkhope yonse, ngati mwana."

Anandiyang'ana. "Amamva?"

"Tsiku lililonse. Anandiuza kuti ndi kumudzi komwe, kuseri kwa nkhokwe."

"Ine ndimanena pang'onopang'ono kuti ndisawasokoneze. Zaka zonsezi ndimayesa sizifika."

Anakoka nsalu n'kuphimba kumaso, chonsecho muno mulibenso womuthawa. Anaima choncho kanthawi, kenako ndinamva mapazi ake akupita cha kugeti.